Atsibweni a Sanakhwime

Tawaika m'manda Lachinayi lapitali atsibweni anga a Zakeyu, alongo awo a mayi anga. Mkulu wa mpingo amene anawerenga mbiri yawo pamaliro ananena zoona zokhazokha. Anabatizidwa ku Mvera akadali mnyamata, anali mlimi wa fodya wa chikopa wosadziwa ulesi, mowa sanaulawepo, khadi la chipani ankagula chaka ndi chaka osadikira kuti achite kuwatsekereza pachipata cha msika. Anthu ankangovomera ndi mitu. Koma za mpira sanatchuleko, ndipo dzina la mlongo wanga Layisoni silinamveke. Ine ndili pakati pa azimayi anzanga mtima unkangonditentha. Munthu amene ankamufotokozayo anali wabwino ndithu, koma sanali atsibweni anga. Poti pamaliro ife azimayi ntchito yathu ndi kulira ndi kuimba, zanga ndinenera pano.

Kuno kwa Msakambewa mukafunsa a Zakeyu, anthu ayamba akanda m'mutu. Nenani kuti a Sanakhwime, ngakhale kamwana kakulozerani njira. Ana a masiku ano amaganiza kuti dzinali linali longowaseka, chifukwa iwo anawadziwa ali gogo wosaona, wofatsa, wololera chilichonse. Sanawaone ali m'mphamvu zawo. Dzinalo anawapatsa ndi anyamata a mpira, ndipo linabadwira pa chitsa.

Chitsacho ndi cha muwanga, chachifupi, chili kumtunda kwa bwalo la sukulu ya m'mudzi mwathu. Atsibweni ankaika kampando kawo pambali pake. Masewera asanayambe, anyamata ankandanda pamenepo opanda nsapato. Aliyense ankaponda pachitsa ndi mwendo umodzi, kenako winawo, ndipo atsibweni ankadina ndi chala chachikulu pa kafupa kotukuka kamene kali pansi pa bondo. Ankati mwa mnyamata amene akukula pamenepo pamakhala panthete, ndipo ukamuthamangitsa ndi madoda pasanalimbe, bondo limapita osabwereranso. Anyamata anaphunzira kuumitsa nkhope kuti asaoneke kuti akumva kuwawa. Kunali kungodzivutitsa. Atsibweni nkhope sankaiyang'ana n'komwe, maso awo ankakhala pa zala za kuphazi. Zikangopindika pachitsapo, nkhani yatha. Ankangoti sanakhwime, n'kumutumiza mwanayo kwa ang'onoang'ono a mpira wachikulunga, kapena kukaima pagolo pomwe munthu sathamanga kwambiri. Amene zala zake zakhala phee ankamumenya kakhofi pantchafu n'kunena mawu amodzi okha, akuti lowa. Ndaonapo anyamata a timandevu tawo akugwetsa misozi chifukwa cha mawu amodziwo.

Iwo eni ake ankatsimphina, mwendo wamanzere sunkapinda. Nkhani yake sankaikonda. Ife tinaimva kwa amayi, kuti ali achichepere anapita ku Halale kukagwira ntchito m'fakitale ya fodya, ndipo abwana ataona mmene ankathamangira ndi mpira anawaika m'timu ya akuluakulu. Anasewera nyengo imodzi yokha. Anabwerera kumudzi ndi ndodo, mpira wachikopa ndi pampu yake. Amayi ankati mlongo wawo anachoka ali munthu wanthabwala, koma anabwera mawu ali ochita kuwapempha.

Masiku amenewo, ufulu utangobwera kumene, mpira wa anyamata m'mapiri muno unali pawiri. Kunali ligi ya Loweruka, ya masukulu a mishoni kuyambira ku Mvera, kudzera ku Chezi mpaka kuno kwathu. Kunalinso ligi ya Lamulungu, ya maesiteti a fodya ndi misika ya mbali ya ku Ntchisi, imene inkasewera tsiku la Sabata poti ndilo lokha limene antchito ankapuma. Iliyonse inkasankha anyamata odziwa mpira kwambiri amene anali asanayambe kukhoma msonkho, ndipo iliyonse inkadzitama kuti ndiyo khomo lenileni lolowera ku matimu akuluakulu a m'tauni. Udani wake, eee, ngati akazi a pamitala. Mnyamata wa kuno akangopezeka atavala jezi ya uko ankamuchotsa mpaka kalekale, makolo ake n'kuitanidwa ndi akulu a mpingo chifukwa choswa Sabata. A Lamulungu nawo sankagona. Ankakopa ana athu ndi jombo, sopo ndi kukwera thirakitala popita kumasewera. Athu ankatsika ndi kukwera mapiri wapansi, mpira uli m'saka.

Timu ya osankhika a Loweruka inali m'manja mwa atsibweni. Ya Lamulungu inali m'manja mwa a Dzimbiri, kalaliki wa pa esiteti ina kuseri kwa phiri, bambo wonenepa, woseka mokweza, wosasiyana ndi njinga yake. Anthu ankayesa kuti awiriwa ndi adani. Ayi. Ku Halale ankagona chipinda chimodzi, ndipo a Dzimbiri ndiwo anawabereka atsibweni kuwachotsa m'bwalo tsiku limene bondo linathyoka. Anaona ngozi imodzi, koma aliyense anatolapo zake. A Dzimbiri ankati mwayi wa mwana wa kumudzi uli ngati basi ya ku Ntchisi, imadutsa kamodzi, ukachedwa kumanga katundu ugona pasiteji. Atsibweni ankayankha za kunazale, kuti mbande ya fodya ukaiwokera m'munda usanaikhwimitse imakongola masiku oyamba okha, dzuwa likangoswa yagwa. Ankakangana pamsika, ankakangana pobwera kumaliro, mpaka anthu kuimika njinga n'kumamvetsera. Akatopa ankagawana chinangwa chootcha, aliyense n'kulowera kwawo akunena kuti mnzakeyo akuwononga ana.

Kunena zoona, atsibweni anakanganapo ndi aliyense. Akulu a mpingo anawaitana chifukwa cholowetsa m'timu ya Loweruka anyamata a kudambwe, ana a m'midzi ya gule wamkulu. Iwo anamvetsera mlandu wonse manja ali pandodo, pomaliza n'kunena kuti adinapo mawondo a ana a Akhristu ndi a ana a gule, ndipo kusiyana kwake sanakupeze. Tsiku lina achinyamata a chipani anafika pabwalo ndi matukutuku awo, akuti anyamata onse asiye mpira akaphunzire kuguba. Atsibweni sanakane. Anangoti pabwalo lawo munthu sathamangitsa ana asanayambe waponda pachitsa iye mwini. Mtsogoleri wawo, kamnyamata ka kwa Chimungu kamene tonse tinkakadziwa kakuweta mbuzi, kanavula nsapato mwamatama. Atsibweni anadina, zala zinapindika, iwo n'kulengeza poyera kuti sanakhwime. Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Mawa lake atsibweni anawatengera kwa a tcheyamani a chipani, kumene anawakhazika padzuwa tsiku lathunthu. Ife kunyumba tinkangoyang'ana kunjira, chifukwa masiku amenewo ena ankapita choncho osabwerako. Iwo anabwera madzulo, anamwa madzi, n'kunena kuti mwanayo ndi wosakhwimabe.

Tsopano ndinene za Layisoni, amene anandiponda pamutu. Sikuti ndikumukometsa chifukwa ndi mlongo wanga, funsani aliyense wa imvi kuchokera kuno mpaka ku Chezi. Anali wamtali, wamanzere, woseka nthawi zonse. Bwalo lathu ndi lotsetsereka, moti timu yoyang'ana kumtunda imachita ngati ikulima, koma iye ankagoletsa chokwera ngati kuti phirilo kulibe. Akadyetsa munthu njomba ankatembenuka n'kumupepesa. Azimayi tinkasiya mitondo ili ndi chimanga n'kuthamangira kubwalo. A Dzimbiri anabwera kangapo kunyumba ndi jombo zatsopano zomangirira pa njinga. Bambo athu ankazisirira, koma iwo anali mkamwini chabe. Kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba anali atsibweni. Jombozo zinkabwerera mmene zabwerera.

Vuto linali limodzi. Thupi la Layisoni linakula msanga, koma zala zake zinkapindikabe pachitsa. Atsibweni ankamulowetsa chakumapeto kwa masewera, agoletse chimodzi kapena ziwiri, n'kumutulutsa. Kunyumba ankamutenthetsera madzi okha n'kumuthowa mawondo, chinthu chimene sankachitira mwana wina aliyense, ngakhale ana awo owabereka. Ankamuuza kuti apirire, tsiku lake likubwera, ndipo likadzafika adzasewera zaka zambiri mpaka adzatope yekha. Layisoni ankawakhulupirira. Ankawatsatira kunazale, kumunda, kubalani yofukizira fodya, mpaka mayendedwe ake anayamba kufanana ndi awo, kupatula kutsimphinako.

Kamodzi pachaka, fodya atagulitsidwa, osankhika a mbali ziwirizi ankakumana ku boma pa tsiku la chikondwerero cha chipani. Chaka chimene ndikunenachi kunamveka kuti kubwera anthu a timu yaikulu ya ku Blantyre kudzasankha mnyamata. M'midzi monse nkhani inali imodzi, yoti Layisoni akupita. Amayi, amene ankadana ndi mpira chifukwa unkamusokoneza sukulu, anamuchapira kabudula n'kumusita ndi makala.

M'mawa wa tsikulo anyamata anandanda pachitsa asananyamuke. Ine ndinalipo, nditavala kale nsalu ya chipani poti azimayi tinkayenera kukavina ku boma komweko. Layisoni anaponda ndi mwendo wamanja, zala zinakhala phee. Anaponda ndi wamanzere, womenyera mpira uja. Anakanikiza phazi pachitsa mpaka mitsempha kuoneka. Atsibweni anadina. Ndikadakonda kunena kuti ananama, kapena kuti anaona molakwa, koma ndinaziona ndi maso angawa. Zinapindika. Pang'ono pokha, koma zinapindika.

Atsibweni anapisa dzanja m'saka n'kutulutsa juzi yakuda ya goloboyi.

"Atsibweni, lero lokha," anatero Layisoni.

"Chaka chamawa."

"Ndapota nanu, atsibweni. Ngakhale chigawo chimodzi."

"Ndati chaka chamawa. Vala."

Atsibweni ankadziwa chimene ankachita. Akadamusiya kunja, anthu akadachita chipolowe. Akadamulowetsa kutsogolo ngakhale kwa kanthawi, alendowo akadamutenga tsiku lomwelo n'kukamuponya pakati pa madoda m'mabwalo ouma a m'tauni, monga anawachitira iwo ku Halale. Ndiye anamubisa pamalo pamene aliyense ankamuona.

Masewera amenewo sindifuna kuwakumbukira, koma sachoka m'mutu. Alendo awiri anakhala pamipando pafupi ndi akuluakulu a chipani, galimoto yawo yoyera ili pamthunzi. Anthu a kwathu ataona Layisoni ali pagolo anayamba kukuwa kuti apite kutsogolo. Aphunzitsi aakulu a sukulu yathu anapita kukawanong'oneza atsibweni, kenako anapita mkulu wa mpingo, kenako bambo athu chipewa chili m'manja. Iwo anangoima atatsamira ndodo, osatembenuka. Kutsogolo kwa a Lamulungu kunali Bonifasi, mnyamata wabwino ndithu, koma amene Layisoni ankamuzunguza kuyambira ali kubusa. Bonifasi anagoletsa. Anagoletsanso. Layisoni za pagolo sankazidziwa, ankadumphira kumanja mpira ukupita kumanzere, ndipo anthu a ku Ntchisi anayamba kumuimba nyimbo yomuseka. Zigoli zinazo sindinaziwerenge. Ndinaphimba kumaso ndi nsalu ija n'kumalira m'menemo.

Masewera atatha, a Dzimbiri anachita chinthu chimene ndimawalemekeza nacho mpaka lero. Atapereka Bonifasi wawo kwa alendo, anawagwira dzanja alendowo n'kupita nawo kwa atsibweni. Anawauza kuti mwana amene amamuseka pagoloyo ndiye mwini mpira m'mapiri onse ano, woposa wawo yemwe, ndipo anapempha kuti amupatse mpira kanthawi kochepa chabe kuti aone okha. Alendo anafunsa bambo a mwana. Bambo athu anayang'ana pansi n'kuloza atsibweni, akuti mwini wake ndi awa.

"Achimwene, basi ija ndi imeneyi," anatero a Dzimbiri. "Musiyeni mwana akwere."

Atsibweni anawayankha alendowo mwaulemu wonse. Anati mwanayo sanakhwime, abwere chaka chamawa adzamupereka ndi manja awo. Mlendo wina anayang'ana wotchi yake. Layisoni anali chiimire pomwepo, juzi yakuda ili m'manja, ndipo anamva zonse.

Sanalalate, sanalire, ndipo ndicho chinatipusitsa. Nyengo yonse yachilimwe anathirira nawo nazale ngati kale. Ankaperekabe mawondo ake kuti awathowe. Kuseka kokha ndiko kunatha. Kenako dzina la Bonifasi linayamba kumveka pa wailesi ya pagolosale, anyamata n'kumaunjikana pazenera kumvetsera. Layisoni ankadutsa ndi ndowa yake osaima. Mvula ili pafupi kugwa, ananyamuka m'mawa wina akuti akukagula kabudula ku boma. Anakalembetsa ku ofesi yotumiza anthu ku migodi ya ku Joni. Zaka zake zinali zisanakwane, koma a kumeneko ankayang'ana chifuwa ndi mapewa, za zala za kuphazi analibe nazo ntchito.

Amayi atamva anapita kunyumba kwa atsibweni, ine ndili pambuyo. Anagwada pabwalo monga mwa ulemu wa kwa mlongo wamkulu, ndipo sanakweze mawu.

"Achimwene, bondo lija mwalisunga. Nanga mwana ali kuti?"

Atsibweni anali akusoka mpira ndi chingwe. Anapitiriza kusoka. Koma ndinaona kuti singano inkalowa pabowo lomwelomwelo.

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti chaka chotsatira alendo aja anabweradi. A Dzimbiri anachita kuwakumbutsa, ndipo iwo atangotsika m'galimoto anafunsa za goloboyi wamtali uja. Basi inadutsa kachiwiri, wokwera palibe. Atsibweni anangowauza kuti mwanayo anapita, n'kubwerera kwa anyamata awo. Madzulo ake a Dzimbiri anawaperekeza mpaka kunyumba akukankha njinga yawo, njira yonse osakangana, ndipo kuyambira pamenepo sindinawamvenso akutchula za basi kapena za mbande.

Poyamba tinkamva za Layisoni kwa anthu obwera kutchuthi. Wina anati anamuona akusewera mpira pa komponi ya anthu a mumgodi ndipo azungu ankaimika galimoto. Wina anati wasamukira mgodi wina. Kenako kunangoti zii. Boma litaletsa ulendo wa kumigodi, amuna a m'midzi muno anabwerera m'magulumagulu ndi masutikesi awo. Amayi ankapita kumsewu tsiku lililonse, koma iye panalibe. Anasanduka mtchona. Atsibweni anapitiriza ntchito yawo pachitsa, ndipo anafika pouma mtima kuposa kale, ngati kuti akangolola mwana mmodzi wosakhwima ndiye kuti Layisoni anapita pachabe. Ine ndinkawapatsa moni, ndinkawatumizira ndiwo, ndinkawagwadira monga mwana wa mlongo wawo, koma mtima wanga unali nawo kutali. Iwo ankadziwa, ndipo sanandifunsepo.

Zaka zinapita. Amayi anamwalira maso ali kumsewu. A Dzimbiri anamwalira, ndipo atsibweni anakwera phiri ndi mwendo wawo wouma uja kukawaika. Maligi awiri aja, amene anagawanitsa mabanja ndi kuchotsetsa anthu mumpingo, anazilala okha popanda wowalira. Esiteti ija inasintha eni ake, thirakitala inasiya kunyamula ana, masukulu nawo anayamba kusewera m'ndondomeko ya boma. Atsibweni anachita ng'ala m'maso onse awiri. Ankapitabe pachitsa, dzanja limodzi pabondo la mwana, linalo pa zala zake, poti maso anali atawasiya.

Layisoni anabwera masana ena a mwezi wa fumbi. Ndinaona bambo woonda, wa imvi, ataima pabwalo panga ndi kasutikesi, ndipo ndinamufunsa kuti akufuna ndani. Ananditchula dzina langa la paubwana. Ndinangokhala pansi pomwepo. Anali ndi chifuwa cha kumigodi, chotsokomola mpaka kugwira khoma. Anafunsa za amayi, ndinamuuza. Anafunsa za bambo, ndinamuuza kuti nawonso anatisiya. Za atsibweni sanafunse, ngakhale denga lawo linkaoneka kutsidya kwa kamtsinje. Mudzi wonse unabwera kudzamuona, koma iwo ayi. Masiku anapita, uyu ali pakhonde panga, awo ali pakhonde pawo. Ine ndinkangoti Mulungu wanga, anthu awiriwa afa osaonana.

Tsiku lina dzuwa litapendeka ndinamva ndodo ikugogoda miyala ya panjira. Atsibweni anawoloka kamtsinje kaja okha, osatsogoleredwa ndi munthu. Layisoni anafuna kudzuka pamphasa, chifuwa chinamukaniza. Ndinawaikira mpando pafupi naye. Anapatsana moni ngati alendo okumana pachigayo. Wayenda bwanji, ndayenda bwino, kaya inu mwatsala bwanji, tatsala bwino. Ine ndinkapeta nyemba zopetapeta kale.

Ndiyeno ndinaona dzanja la atsibweni likuyenda lokha, likufufuza m'mphepete mwa mphasa mpaka linapeza mwendo wamanzere wa Layisoni. Layisoni sanauchotse. Anaupinda pang'onopang'ono, phazi n'kuponda pansi monga ankapondera pachitsa. Unali mwendo wa mafupa okhaokha. Atsibweni anatsika pampando n'kugwada ndi bondo lawo labwino lija. Dzanja lina analiika pa zala, chala chachikulu cha linalo chinapeza kafupa kaja. Anadina. Anakhala chidinire nthawi yaitali.

"Wakhwima," anatero.

Layisoni anaseka. Kunali kuseka kwake kwakale kuja, koyamba kukumva chibwerere, ndipo kunathera m'chifuwa. Atapeza mpweya anati, "Ndiye ndilowe, atsibweni?"

Ine atsibweni anga ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a amayi. Anatsamiritsa mphumi pabondo limenelo, mapewa akugwedezeka, ndipo mawu amene ankatuluka anali ngati a mwana. Layisoni anawaika dzanja pamutu n'kumawauza kuti basi, atsibweni, basi. Ine ndinataya lichero n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe.

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera m'mawa uliwonse. Ankanditumiza kutenthetsa madzi, n'kumamuthowa mawondo munthu amene matenda ake anali m'chifuwa. Ndinafuna kuwauza, koma Layisoni anandiletsa ndi maso. Ankacheza za mpira basi, za amene anali wabwino ndi amene anali waulesi, za mabwalo a ku Joni, za chigoli china chimene Layisoni anagoletsa chokwera ku Chezi mvula ikugwa. Za tsiku la ku boma lija sanatchulepo, mwina pamene ine kunalibe. Layisoni sanaione mvula ya chaka chimenecho.

Titamuika, atsibweni anabwerera pachitsa, koma mawu aja sanawanenenso. Mnyamata aliyense woponda pamenepo ankamudina mwa mwambo chabe, zala zipindike zisapindike, n'kumuuza kuti lowa. Aphunzitsi a masewera anadandaula kuti madala asokonezeka. Tiana tosavala n'komwe tinazolowera kubwera kudzandanda, tina tochita kukwezedwa ndi anzawo kuti phazi lifike, ndipo iwo ankatimenya kakhofi pantchafu mmodzimmodzi, lowa, lowa, lowa. Awa ndiwo a Sanakhwime amene ana a lero akuwadziwa.

Anthu amandifunsa ngati analakwa. Pamaliro a atsibweni paja panali amuna ambiri amene anadutsa pachitsa chawo, aphunzitsi, alimi, ena amene anakafika ndithu ku matimu a m'tauni, ndipo onse ananyamula bokosi akuyenda mowongoka pa miyendo yawo iwiri. Panalinso Bonifasi, wonenepa tsopano, akukoka mwendo pang'ono. Anamangira mayi ake nyumba ya malata, ndipo anandiuza kuti atapatsidwanso mwayi angakwerenso galimoto ija. Ndiye ine ndiyankhe chiyani? Ndikudziwa kuti palibe munthu amene anamukonda Layisoni kuposa atsibweni, ngakhale ine. Ndikudziwanso kuti akadapanda kumukonda choncho, bwenzi mlongo wanga atasewera tsiku lija. Ndinawakonda ndipo ndinawakwiyira, zonse ziwiri pamodzi, ndipo ndinkayesa kuti pofika Lachinayi chimodzi chidzatha. Sichinathe.

Dzulo ndinadzera kubwalo pochokera kuchigayo. Kampando kaja anakachotsa, pangotsala timaenje tinayi m'dothi pamene pankakhala miyendo yake. Chitsa chilipo, pamwamba pake posalala ndi polowa pang'ono chifukwa cha mapazi a zaka zonsezi. Ana anatuluka m'kalasi ndi mpira wawo wachikulunga, ndipo popanda wowauza anathamangira kaye kumtunda. Aliyense ankaponda pachitsa n'kudumphira m'bwalo. Womalizira anali wamng'ono kwambiri, wa kabudula wong'ambika kumbuyo. Iye anaika phazi lake bwinobwino, zala zonse poyera, n'kudikira. Anayang'ana pamene pankakhala kampando paja. Anadikirabe pang'ono. Kenako anatsitsa phazi n'kulowa yekha.